Jombo za M'wadi Yakumapeto

Ofesi Yosunga Zolemba Zakale inakhoma chidziwitso pa bolodi la pakhomo pake, m'munsi mwa china choletsa kutsamiritsa njinga kukhoma. Chidziwitsocho chinkati anthu onse amene makolo awo anagwirapo ntchito pa nthawi ya nkhondo, kaya anagwira mfuti kaya tsache, abweretse mapepala amene makolowo anasiya. Mapepalawo akhale opanda mapini. Ofesi inalonjeza kuti idzawasunga m'chipinda chozizira bwino, kuti katswiri adzawerenga pepala lililonse, ndiponso kuti nkhani iliyonse imene inatsala m'malere idzamalizidwa.

Odziwa za m'maofesi akuti mawu omalizawo anawonjezera ndi wotayipa, poona kuti pepala latsala malo m'munsi. Anthu ambiri odutsa sankawerenga mpaka pamenepo. Koma mayi wina wosoka zovala anawerenga, nabwereza, kenaka anafunsa mlonda kuti ofesi imatsegula masiku ati. Mayiyu anali mwana wa aMakiyi.

AMakiyi sanawomberepo munthu. Atapita kukalembetsa usilikali, dokotala anawayang'ana m'maso n'kupeza kuti lakumanzere limangoperekeza linzake. Poti ankalemba zowerengeka, anawatumiza kuchipatala cha asilikali kukakhala kapitawo wa katundu, ndipo dzina lawolo analipeza kumeneko chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo. Chipatalacho chinali sukulu imene boma linabwereka. Mabedi anaikidwa m'makalasi, ndipo odwala ankagona akuyang'ana samu imene mphunzitsi anasiya pa bolodi osaimaliza.

Ntchito yawo inali ya mabulangete, makapu, masupuni ndi sopo. Msilikali akagonekedwa, aMakiyi ankalandira jombo zake, n'kumangirira kapepala ka dzina pa chingwe cha jombozo, n'kukazitsekera m'sitolo. M'malo mwake ankamupatsa bulangete, kapu yachitsulo ndi supuni. Wodwala akafuna kapitawo ankagogoda kapuyo ndi supuni, ndipo akamva makiyi akulira m'khonde ankaleka, podziwa kuti munthu akubwera. Potuluka zinthu zinkayenda chobwerera: wodwala abweze kapu, alandire jombo, koma chikalata chake chotulukira chikhale chitadindidwa ndi dokotala wamkulu. Popanda chidindo jombo sizinkatuluka m'sitolo, ndipo munthu amene jombo zake zili m'sitolo anali adakali wodwala wa chipatala, woyenera kulandira tiyi wa madzulo ngati anzake onse.

Amene analemba lamuloli anaiwala kuti m'chipatala anthu amatulukamo njira ziwiri. AMakiyi sanaone chifukwa chokonzera lamulo limene sanalembe iwo. Msilikali akamwalira, aMakiyi ankapita ndi chikalata kwa dokotala kuti chidindidwe, n'kubwera kudzaima kumiyendo kwa bedi. Ankatenga kapu, n'kuika jombo kumapazi a malemuyo, n'kunena mwaulemu: "Mwatulutsidwa, bwana. Jombo zanu izi."

Anamwino poyamba ankaseka. "Muzizipaka kaye polishi, kapitawo," anatero wina, "kumeneko mwina kuli perete." Koma odwala sankaseka. Wina, amene aliyense ankaona kuti sachira, anawakoka malaya tsiku lina.

"Kapitawo, zanga ndi zija zodyeka kuchidendene chakumanja. Musadzandipatse za mnzanga, angakandibweze pachipata."

"Pali dzina lanu, bwana. Sizingasokonekere."

Nkhondo ikupita kumapeto, kunabwera lamulo loti chipatala chisamuke tsiku lomwelo. Dokotala wamkulu anakwera lole yoyamba, chidindo chili m'thumba la jekete, kuti akakonzeretu malo, monga amachitira akuluakulu zinthu zikathina. M'kalasi yakumapeto kwa khonde munali amuna asanu ndi mmodzi, otentha thupi kwambiri, osatheka kuwakweza. Anawasiyira aMakiyi, pamodzi ndi lonjezo loti lole ibweranso mawa. Lole inabweradi, kungoti mawa lake linali la sabata ina. Pofika nthawiyo aMakiyi nawonso matendawo anali atawagwetsa. Anali gone m'sitolo pa mulu wa mabulangete, atakhoma chitseko m'kati, poti katundu wa boma sasiyidwa potsegula. Anthu a lole anapeza amuna aja atatsirizika onse. Anawakulunga m'mabulangete n'kuwakwirira kuseri kwa bwalo la mpira, opanda kanthu kumapazi. Atamaliza ndiye anathyola chitseko cha sitolo n'kupezamo kapitawo akupuma.

Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo ndi mendulo, ena ndi ndodo. AMakiyi anabwerera ndi bokosi lachitsulo. Munali jombo za amuna aja, makapu awo, masupuni awo, ndi zikalata zawo zotulukira, zolembedwa bwinobwino, zongosowa chidindo.

Anapeza ntchito m'sitolo yogulitsa misomali ndi penti, ndipo anakhalamo mpaka tsitsi linayera. Anakwatira mayi wolankhula mosapsatira, amene anadziwa za bokosilo ukwati utachitika kale. M'nyumba mwawo munali kachipinda kakumbuyo ka zenera laling'ono. Mmenemo aMakiyi anakhoma thabwa kukhoma, n'kundandalika makapu pamwamba, jombo pansi. Madzulo aliwonse akaweruka ankatereka ketulo, n'kukathira tiyi m'makapu monse, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono ngati mmene amatsekera munthu akamachoka kwa odwala.

Tinene zoona, tiyiyo sankachepa. Palibe amene anaonapo kapu ikunyamuka. Chimene banja lonse limavomereza n'chakuti tiyi wotentha woti n'kupsa naye lilime, akangothiridwa m'makapu amenewo, ankazizira wothirayo asanatembenuke. Mayi a m'nyumba anayesapo kuika kapu yawo pathabwa lomwelo, nthunzi ili tolotolo, ndipo yawoyo inatentha mpaka anaiiwala. Chinanso chinali jombo. AMakiyi ankaziika zitayang'ana kukhoma kuti asamapunthwe nazo. Tsiku lotsatira ankazipeza zitayang'ana kuchitseko. Ankazitembenuzanso. M'kachipindamo munkamveka fungo la mankhwala okolopera m'chipatala, chonsecho mayi ankakolopa ndi madzi okha.

"Bambo a mwana, alendo anuwa adzapita liti?" anafunsa mayi tsiku lina, ketulo ili m'manja mwa mwamuna wawo.

"Si alendo. Ndi odwala."

"Wodwala amachira kapena amafa. Awa akuchita chiti?"

"Akudikira chidindo."

"Nyamulani jombozo mukazisiye pamanda pawo, tipume."

"Ndizitulutsa bwanji popanda chidindo?"

"Mukuopa ndani? Dokotala wanuyo mwina anafa kalekale."

"Ngati anafa, anapita ndi nsapato zake," anatero aMakiyi, nalowa m'kachipinda muja.

Sikuti anangokhala. Mapepala ambiri a m'bokosi lija ndi makalata amene ankalembera maofesi, ndi mayankho ake. Ofesi ya zaumoyo inayankha kuti nkhaniyo ndi ya asilikali. Ofesi ya asilikali inati chipatala chotchulidwacho kulibe, pamalopo pali sukulu, ndipo pakhala sukulu kuyambira kale. Ofesi ina inati ndi yokonzeka kudinda zikalatazo ngati odwalawo atabwera okha ndi ziphaso zawo. Ina inafufuza mwakhama n'kupeza kuti amuna onsewo anasamuka pamodzi ndi chipatala ali bwinobwino, ndipo mmodzi anali atakwezedwa udindo. AMakiyi analowa m'kachipinda muja n'kukamuuza mwini wake za kukwezedwako, poti ankaona kuti nkhani yabwino siyenera kubisidwa kwa wodwala.

Tiyi anamudumphitsa kamodzi kokha, tsiku la ukwati wa mwana wawo, mayi wosoka zovala uja. Banja lonse linaswera kuholo, nyumba itakiyidwa. Pobwera anapeza mayi woyandikana nawo ataima pampanda, manja ali m'chiuno.

"Munatsekera ndani m'nyumbamu? Dzuwa litangopendeka, anayamba kugogoda kapu. Ndinaitana pazenera, osayankha, koma osalekanso. Mwana wanga walephera kugona."

AMakiyi sanavule n'komwe jekete ya ukwati. Anapita kukatereka ketulo.

Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo anawatenga aMakiyi kuti azikakhala kwake. Mkamwini, dalaivala wa lole, munthu wanthabwala, ndi amene ananyamula bokosi lija.

"Apongozi, ine ndinapempha mwana wanu mmodzi. Za gulu lonse la nkhondo sitinakambirane."

"Savuta," anayankha aMakiyi. "Musamangowachedwetsera tiyi."

Anawapatsa kachipinda ka kuseri kwa mmene mayiyo ankasokera. Mkamwini ankaseka nkhaniyi kwa anzake kuntchito, koma anthu anazindikira kuti akafuna sipanala imene ili m'kachipindamo ankatuma mkazi wake.

Miyendo itayamba kukana, aMakiyi anaitana mwana wawo pambali pa bedi.

"Kapu yachiwiri kuchokera kuzenera usamathire shuga. Ali ndi vuto la m'mimba."

"Bambo, ine sindinalembedwe usilikali."

"Wakumapetoyo amakonda wodzaza mpaka m'milomo."

"Mwandimva, bambo? Mukapita inu, jombozo ndikataya kudzala. Inunso mukapume. Moyo wanu wonse mwaperekera tiyi kwa nsapato."

Nkhalambayo inamuyang'ana ndi diso labwino lija. "Kapitawo saweruka odwala adakali m'wadi, mwanawe. Ndingakapume bwanji?"

Anamwalira mwezi womwewo, masana, anthu akudya. Mwana wawo anawaika m'bokosi la maliro atawaveka nsapato zawo zabwino, ndipo mulu wa makiyi uja anawuika m'manja mwawo, kuti upite nawo. Kudzala sanapiteko. Anangotseka chitseko cha kachipinda kaja, n'kuchitchinga ndi tebulo lodulirapo nsalu.

Kugogoda kunayamba anthu a pamaliro atangobalalika. Sikunali kwaukali. Kunali ngati kwa munthu wofooka amene sakufuna kuvutitsa, koma wadikira mokwanira. Mayiyo ankaponda makina mwamphamvu kuti asamve. Tsiku lina akuyeza mayi wina diresi, mapini ali kukamwa, kunamvekanso kuseri kwa khoma.

"Muli ndi wodwala m'nyumba muno?" anafunsa kasitomalayo.

"Ndi mapaipi."

"Pitani mukamuone, ine ndidikira. Amayi anga ankagogoda choncho atasiya kulankhula." Anatchera khutu. "Basi, musavutike. Wina akupita kale."

Mayi wosokayo anachotsa mapini kukamwa. M'khonde munkamveka makiyi akulira, pang'onopang'ono, mwa kayendedwe ka munthu wokoka mwendo. Anafika pachitseko chotchingidwa chija n'kuima. Kugogoda kunaleka, monga kunkalekera kale kapitawo akamabwera. Kenaka kunayambiranso, kapu imodzi, kenaka ina, poti munthu anali atafika koma analibe chonyamulira ketulo.

Madzulo amenewo anachotsa tebulo pachitseko n'kuthira tiyi. Kapu yachiwiri kuchokera kuzenera sanathire shuga. Kuyambira pamenepo ankathira tsiku lililonse, akutukwana chamumtima, ndipo ulendo uliwonse potuluka ankamva makiyi kumbuyo kwake. Sankaopa bambo ake. Chimene chinkamuwawa n'chakuti munthu wokalamba choncho, woikidwa m'manda ndi nsapato zabwino, anali adakali pa ntchito, ndipo iye mwini ankaona kuti akalambira pa ketulo yomweyo. Ndiye chifukwa chake mawu a wotayipa aja anawawerenga kawiri.

Mwamuna wake anamufikitsa ku ofesi pa lole, natsitsa bokosi pakhomo, nati akaimike galimoto pabwino. Sanabwerenso mpaka zonse zitatha. M'kati munali kauntala yaitali, mpando wa odikira, ndi kalaliki wachinyamata wa tayi, kapu ya tiyi ili pambali pake. Analandira makalata onse mosangalala, akuchotsa mapini mmodzimmodzi. Atafika pa zikalata zotulukira, mayiyo anaikapo dzanja.

"Izi ndi zimene ndabwerera, achimwene. Zikufunika chidindo."

"Chidindo chilipo, mayi." Anachikweza m'mwamba monyadira.

"Chimati chiyani?"

"Chimati zalandiridwa."

"Ine ndikufuna chonena kuti atuluka."

"Chotulutsa chimakhala ndi bwana. Ife kuno timangolandira."

"Bwana ali kuti?"

"Ali kumsonkhano wa kathandizidwe ka anthu mwachangu. Abwera sabata yamawa, kapena inayo. Koma musadandaule, ndiziika m'thireyi mwawo, pamwamba penipeni." Anasuzumira m'bokosi n'kukwinya mphuno. "Nsapatozi bwererani nazo. Kuno ndi kwa mapepala. Zinthu ngati izi ndi za kunyumba yosungira zakale, koma kumeneko anatseka, akukonza denga."

Mayiyo anali mwana wa kapitawo, ndipo anakulira m'nyumba imene malamulo ankawerengedwa mpaka kumapeto. Anatola jombo imodzi n'kuonetsa kapepala ka pachingwe.

"Nanga aka? Analemba ndi bambo anga, nthawi ya nkhondo."

"Ako ndi pepala. Timalandira."

"Ndiye kamasuleni."

Kalaliki anatambasula dzanja, kenaka analibweza. "Sitiloledwa kulekanitsa pepala ndi chimene labwera nacho. Zimasokoneza mbiri." Anaganiza kwa nthawi, akukanda kuseri kwa khutu ndi cholembera. Nkhope yake inawala. "Ndiye kuti nsapatozi ndi zomatidwa ku pepala. Zimalowa."

"Makapuwa ndi a nsapatozo," anatero mayiyo, akulowetsa kapu ndi supuni m'jombo iliyonse yakumanja.

"Ngati ali m'kati mwa chomatidwa, ine sindinawaone."

Anandandalika zikalata zija pakauntala n'kuyamba kudinda. Dzanja lake linali lozolowera, ndipo chidindo chinkagwa mwamphamvu pa dzina lililonse. Mayiyo anafuna kumuletsa, poti ankadziwa tanthauzo la kulandira munthu m'buku la boma, koma anakumbukira ketulo ija, namusiya adinde. Kalaliki atamaliza anatenga kapu yake, namwa pang'ono, nayang'ana m'kapumo modabwa.

"Amayi a tiyiwa ayamba kutipatsa wa dzulo," anadandaula. "Chonsecho wangobwera kumene."

Mesenjala anakokera bokosi lija m'khonde la kumbuyo. Mayiyo anaima pakauntala akumvetsera kukwekwereza kwa chitsulo pasimenti mpaka kunatha. Pambuyo pake anamva makiyi akulowera komweko, osafulumira.

"Bambo," anaitana chapansipansi, "tiyeni kunyumba."

"Mwati chiyani, mayi?" anafunsa kalaliki.

"Palibe."

Kunyumba kwa mayi wosoka zovala tsopano kuli bata. Fungo la mankhwala linatha, ndipo m'kachipinda muja amasungamo nsalu za makasitomala. Mwamuna wake amalowamo yekha kukatenga sipanala, akuimba mluzu. Makiyi samvekanso m'khonde. Mayiyo akuti poyamba ankatereka ketulo mwachizolowezi, n'kuima nayo pakati pa nyumba osadziwa kopita nayo.

Amapitabe ku ofesi kuja kukafunsa ngati bwana adinda. Mlonda anamuzolowera, ndipo amamusungira nkhani. Akuti zitseko za m'khonde la kumbuyo, zimene maloko ake anafa kalekale, masiku ano amazipeza zokiyidwa bwinobwino, ndipo palibe amene akudziwa kumene kuli makiyi ake. Amayi ophika tiyi anasiya ntchito osatsanzika, amene anawalowa m'malo anasiyanso, ndipo ofesi yakhoma chidziwitso china chofuna munthu wachitatu, makamaka wosamva bwino. Makalaliki amaweruka dzuwa lisanapendeke. Bwana anabwera kumsonkhano kuja, nakhala masiku ochepa, napita kwina. Zikalata zija zidakali m'thireyi mwake, ndipo tsopano zili pansi penipeni.